Chaka Chimene Ndevu Zinalowa Fomu 2

Maufumu awiri oyandikana, wa Dzitamandeni ndi wa Sitigonja, anasiya kulasana ndi mikondo kalekale atazindikira kuti nkhondo imatha anthu oomba m'manja. M'malo mwake anapangana kuti chaka chilichonse, mwezi wa Okutobala, ufumu uliwonse uzisankha akatswiri a mpira m'sukulu zake za sekondale, anawo azikakumana pa Bwalo la Pamalire. Bwalolo analijambula mochenjera. Golo lina lili m'dziko la Dzitamandeni, lina m'dziko la Sitigonja, ndipo mzere wapakati ndiwo malire enieniwo. N'chifukwa chake matimu sasinthana mbali ikatha hafu yoyamba, poti palibe mfumu ingalole mlendo kulondera golo la dziko lake.

Vuto linali lakuti a Dzitamandeni anali atagonja zaka zisanu ndi zinayi zondondozana. Aphunzitsi asanu ndi anayi amene anatsogolerapo timuyo onse anali atasamutsidwira ku Kuiwalika, sukulu ya kuseri kwa mapiri kumene kalata imafika woilemba atamwalira kale. Chaka chakhumicho aphunzitsi onse aamuna anadwala msana tsiku limodzi, ndipo udindo unagwera Mayi Dorika Chimbalanga, mphunzitsi wa masamu pa Sekondale ya Tidikire.

Mayi Dorika mpira ankaudziwa. Anakulira pakati pa alongo awo anayi amene ankawaimika pagolo mpaka zala zinapindika. Anayenda sukulu ndi sukulu, pena pa kabaza, pena wapansi, mpaka anapeza anyamata khumi ndi asanu ndi atatu. Kutsogolo anaikako Ganizani Mlowoka wa Fomu 4, mnyamata woonda ngati bango koma wothamanga moti fumbi linkatsala likudabwa. Kwa Ganizani mpirawu sunali masewera chabe. Chaka chilichonse ku Pamalire kunkabwera munthu wa ku Koleji ya Masewera, n'kusankha wosewera mmodzi kuti akaphunzire ulere, ndipo chimenechi chinali chaka chake chomaliza kusekondale.

Patatsala masabata atatu, Mayi Dorika anaitanidwa ku Mpandowanga, likulu la ufumu. Anapeza bwalo la nduna ladzaza. Pampando panali Mfumu Salakwa Wachitatu, ndipo pansi pake panagwada Nduna ya Masewera, Mbendera ndi Kuomba M'manja, Olemekezeka a Sunganimpando, thukuta lili kamukamu.

"Zikomo Salakwa," inatero ndunayo. "Komiti yofufuza yagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi m'mahotela osiyanasiyana, ndipo yapeza chimene chimatigonjetsa. Ana athu a sukulu ndi ana."

Nduna zonse zinapukusa mitu ndi chisoni.

"A Sitigonja amatibweretsera ana okhwima, Mfumu yanga. Athuwa ngaanthete. Choncho tapeza ana ena khumi ndi mmodzi okhwima bwino, koma adani a chitukuko akufalitsa mphekesera zoti zaka zawo zachuluka."

Mfumu inakhosomola, alembi n'kulemba chifuwacho. Kenaka inalamula kuti kuyambira tsiku limenelo aliyense wolembedwa pa mndandanda wa nduna ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi mwana wa Fomu 2 pa Sekondale ya Tidikire, ndipo wonena zosiyana ndi zimenezi akutsutsana ndi Mfumu. Inaonjezanso kuti kugonja kwaletsedwa m'dziko lonse.

"Nanga anyamata ndasankha aja, Olemekezeka?" anafunsa Mayi Dorika atatuluka panja.

"Azikaimba kwaya," inayankha nduna. "Ndipo Mayi, ku Kuiwalika akuti kukusowa mphunzitsi wa masamu. Ndangokukumbutsani."

Lolemba lake lole ya boma inatsitsa ana atsopanowo pakhomo pa sukulu. Panali makondakitala a minibasi awiri, wonyamula matumba kudepoti, msilikali wopuma ntchito, akabaza atatu, ndi ena amene nkhope zawo zinkadziwika bwino m'mabawo a m'tauni. Wotsiriza kutsika anali a Lufeyo Kamphonje, ogulitsa nyama pa Msika wa Manong'onong'o, bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, wa ana asanu ndi mmodzi, amene paunyamata wawo ankamwetsa zigoli mu ligi ya m'maboma. Mimba yawo inatsika lole iwo asanatsike.

Mayi Dorika anauza anyamata awo nkhaniyo kuseri kwa labu. Palibe analira. Ganizani anangovula nsapato zampira zimene anabwereka kwa amalume ake, n'kuzimangirira pamodzi.

"Madamu, ndibweze?"

"Usabweze. Uzibwera nazo kukwaya."

Madzulo a tsikulo Mayi Dorika anakhala pakhonde akuwerenga lamulo la Mfumu mobwerezabwereza, monga amawerengera funso la mayeso lomwe akuliganizira kuti lili ndi msampha. Kulitsutsa sakanatha. Koma anaona kuti palibe mzere umene unkawaletsa kulimvera mopitirira muyeso.

M'mawa mwake anaima pa asembule n'kulengeza kuti, potsatira mawu opatulika a Mfumu, ana atsopanowa ndi ana a sukulu ngati ena onse. Azifika hafu sikisi. Avale yunifolomu, kabudula wa khaki ndi masokosi oyera. Amete. Azilowa m'kalasi, azilemba mayeso a Lachisanu, ndipo wochedwa azitchetcha.

"Madamu, ife tinauzidwa kuti tingobwera kudzamenya mpira," anatero msilikali uja.

"Uli ndi zaka zingati, iwe?"

Msilikaliyo anayang'ana wapolisi amene nduna inamuika pageti kuti anawo asathawe. "Seventini, Madamu."

"Ndiye pisa shati."

A Lufeyo ndiwo anaona zakuda kuposa onse. Mwana wawo woyamba, Tiyamike, anali Fomu 3 pasukulu yomweyo, komanso pulifekiti wa pageti. Lachitatu a Lufeyo anafika seveni koloko, atayamba kaye asenda mbuzi.

"Ababa... ndikutanthauza iwe Lufeyo, wachedwa," anatero Tiyamike atatsegula kope lake.

"Tiya, ndine bambo ako."

"Kunyumba. Kuno ndinu a Fomu 2, ndipo Fomu 2 imati 'asisi' ikamalankhula ndi Fomu 3. Chikwanje chili uko."

Nkhani inafika pa Msika wa Manong'onong'o dzuwa lisanatenthe. Anthu a kumeneko sanatsutsepo lamulo la Mfumu chibadwire, ndipo ili analilandira ndi manja awiri. Mwini bala ya pakona anapachika chikwangwani choti ana osakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu saloledwa, n'kubweza makondakitala aja pakhomo mwaulemu wonse. Amayi ogulitsa masamba ankati akaona msilikali uja akudutsa ndi chikwama cha mabuku, ankamuitana, "Mwanawe, tabwera unditwike." Anangondo, akazi a a Lufeyo, anawayalira amuna awo mphasa pabalaza.

"Ine ndine mayi wa mvano," anatero. "Ndimangidwe chifukwa chosunga mwana wa sukulu kuchipinda? Mukakwanitsa eyitini mudzagogode."

"Koma Anangondo, chaka chamawa akadzalamulanso kuti tikadali seventini?"

"Ndiye muzolowere mphasayo."

Mayi Dorika ankayembekeza kuti azibambowo athawa sabata isanathe. Anayi anayesadi, koma apolisi anawabweza, mmodzi atamupeza pansi pa bedi la apongozi ake. Mapulani awo analephera pamenepo. Chimene sanachiyembekeze n'chakuti Lachisanu lachiwiri a Lufeyo anatsalira m'kalasi anzawo atatuluka, akupotokola pepala lawo la mayeso.

"Madamu, apa mwandichongera zisanu ndi ziwiri mwa khumi. Simunalakwitse?"

"Sindinalakwitse. Tizigawo mumatitha."

"Ndi hafu ndi kota zomwezi za pa sikelo?" A Lufeyo anaseka mwamanyazi. "Ine ndinalekezera Sitandade 8, bambo atamwalira. Ndinkaona ngati kusekondale kumaphunzitsidwa zinthu za azungu okhaokha."

Kuyambira tsikulo anasamuka kumbuyo, n'kukakhala pa desiki la kutsogolo, mawondo atatulukira mbali zonse ziwiri.

Masana alionse Mayi Dorika ankaphunzitsa matimu awiri. Ana a nduna ankathamanga kuzungulira bwalo kamodzi, n'kukhala pansi kukambirana za mitengo ya feteleza. Akachoka, kwaya inkabwera, n'kuimba ndime imodzi ya nyimbo yotamanda Mfumu kuti wapolisi amve, kenaka n'kumenya mpira mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku la masewera linafika ndi dzuwa la Okutobala losweka mtengo. Mafumu awiriwo anakhala m'misasa yawo, uyu mbali yake, uyo mbali yake, atapatsana misana pang'ono. Timu ya Sitigonja itatuluka, Mayi Dorika anagwira pakamwa. Kaputeni wawo anali ndi dazi. Nambala 6 ankayenda atagwira m'chiuno. Mphunzitsi wawo, bambo wina wotopa dzina lake a Yotamu Gwirize, anawapatsa moni osawayang'ana kumaso.

"Ana anu ndi athanzi," anatero Mayi Dorika.

"Anunso akula bwino, Mayi," anayankha a Yotamu.

Akuluakulu oyeza zaka a mbali zonse ziwiri anayendera mizere. Wa ku Sitigonja anayang'ana mimba ya a Lufeyo, wa ku Dzitamandeni anayang'ana dazi lija, kenaka anayang'anana okha, n'kusainirana mapepala mwachangu.

Kenaka anayamba malankhulidwe. A Sunganimpando analankhula ola limodzi ndi theka za mbiri ya mpira kuyambira pa agogo a Mfumu, amene akuti ndiwo anatulukira kuti mpira uzikhala wozungulira. Nduna ya ku Sitigonja sikanalola kuchepekedwa, inalankhula maola awiri. Nthawi yonseyi osewera anaima padzuwa. Oimbira asanaimbe wezulo n'komwe, kondakitala mmodzi anali atagwa kale, ndipo anamukupiza ndi mbendera.

Mpira wa hafu yoyamba unali wa ulemu. Anthu ankapatsirana pang'onopang'ono, ena ataima pamthunzi wa msasa. Ochemerera anayamba kugula chinangwa n'kumacheza nkhani zina. Koma itatsala pang'ono kutha, mpira unagunda bondo la msilikali n'kugwera kumapazi a a Lufeyo, ndipo china chake cha kale chinadzuka mwa iwo. Anazemba wadazi uja, anazembanso wogwira m'chiuno, anadumpha malire, n'kutsala iwo ndi goloboyi basi. Bwalo lonse linaimirira. Mfumu Salakwa inadzuka pampando.

A Lufeyo anakweza mwendo, anadzutsa maso, n'kuuma pomwepo. Pagolo la Sitigonja, atavala jezi yachikasu ndi kapusi, panaima a Ngondo, bambo wa Anangondo, amene anali goloboyi wotchuka tsidya limenelo a Lufeyo asanabadwe.

A Lufeyo anatsitsa mwendo bwinobwino, ananjuta, n'kuomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, apongozi?"

"Ndaswera, kaya inu akamwini. Ana ali bwanji kunyumba?"

"Ali bwino. Sindinadziwe kuti mwayambanso sukulu."

"Fomu 1," anatero a Ngondo mwachisoni. "Mwabwera ndi mpira?"

"Eya, ndati ndikupatsireni."

Anautola ndi manja awiri, n'kuupereka atagwira chigongono. Oimbira anaimba kuti wagwira ndi manja. Anthu a mbali zonse ziwiri anaseka mpaka ena kugwa m'mabenchi, ndipo akuti aka kanali koyamba m'mbiri kuti a Dzitamandeni ndi a Sitigonja aseke chinthu chimodzi.

Pa hafu, kuseri kwa misasa kunali ngati chipatala. Amuna makumi awiri ndi awiri anagona chagada, ena akuitana akazi awo. Mayi Dorika anawerenga amene akanatha kuimirira, anapeza atatu. Anayang'ana tsidya, n'kuona a Yotamu akuwerenganso, ndipo pambali pawo panaima gulu la anyamata ovala zoimbira ng'oma, onse atavala nsapato zampira. Mayi Dorika anapita pa mzere wa malire, a Yotamu n'kubwera mbali inayo.

"Ang'oma anuwo amamenya mpira?"

"Ngati kwaya yanuyo, Mayi."

"Pa mndandanda palembedwa mayina, manambala ndi zaka seventini. Nkhope palibe."

A Yotamu anacheukira kumisasa ya mafumu. "Akatigwira?"

"Wotigwira ayambe wafotokoza kuti a ndevu aja anali ndani."

Kuvula majezi azibambo kunatenga nthawi, poti ena anali atawamatirira. A Lufeyo anavula yawo okha, nambala 9, n'kumupatsa Ganizani. "Ikununkha mbuzi, koma ili ndi mwayi. Pagolopo sipakhalanso apongozi ako, ndiye usanjute."

Matimu atabwerera m'bwalo, msasa wa Mfumu unangoti zii. Majezi amene anali othina tsopano ankakupiza ngati matanga. A Sunganimpando anatuwa milomo. Mfumu inatsamira kutsogolo, n'kutsinzinira.

"Sunganimpando, nambala 9 uja mimba yapita kuti?"

Nduna inayang'ananso m'bwalo. Kenaka inadzigwetsa pansi. "Zikomo Salakwa! Lamulo lanu lagwira ntchito! Munati ali ndi zaka seventini, ndipo taonani, matupi amvera!"

Nduna zonse zinaimirira n'kuomba m'manja. Mfumu inagwedeza mutu ngati munthu amene ankadziwa kale. Kumsasa wa Sitigonja nakonso kunamveka m'manja, poti nduna yakumeneko inali itangotulukira chozizwa chomwecho.

Mphindi makumi anayi ndi zisanu zotsatirazo anthu anaonera mpira umene anali asanauonepo pabwalo limenelo. Anyamatawo ankathamanga ngati awamasula pachingwe. A Sitigonja anamwetsa choyamba ndi mutu. Mayi Dorika anakuwa mpaka mawu anatha, duku lili m'manja. Kenaka Ganizani analandira mpira pamalire penipeni, anadutsa anthu atatu, n'kuumenya ndi mwendo wamanzere, ukonde n'kugwedezeka. A Lufeyo, ali chifuwa pamtunda, anamunyamula wapolisi wa pageti uja n'kuzungulira naye. Koma kutatsala mphindi ziwiri a Sitigonja anamwetsa chachiwiri, ndipo wezulo inalira zili ziwiri kwa chimodzi.

Mayi Dorika anakumbatira anyamata awo mmodzimmodzi, m'mutu akulongedza kale katundu wa ku Kuiwalika. Koma a Sunganimpando ankadziwa kuti mphunzitsi akapita kumapiri, chaka chino nduna ikhoza kumuperekeza. Anthu asanabalalike, anakwera pa nsanja n'kutenga chimkuzamawu.

"Anthu a Dzitamandeni! Zigoli ziwiri zalowa m'golo lathu, pa nthaka yathu, ndipo chilichonse cholowa m'dziko lino ndi chuma cha Mfumu. Chimodzi chokha ndicho chatuluka kupita kunja. Choncho Dzitamandeni ili ndi zigoli ziwiri, Sitigonja chimodzi. Tapambana!"

Tsidya linalo ankavina kale, poti iwo anawerenga mwachikale. Chikho anachidula pakati ndi sowo. Pobwerera pa lole, mayi wina wa pamsika anafunsa mokweza kuti ngati zili choncho, bwanji zaka zisanu ndi zinayi zija sitinkapambana, pamene chaka china tinalandira zigoli zisanu ndi ziwiri. Anzake anamuuza kuti asafulumire, komiti ikufufuza.

Patapita masabata awiri a Lufeyo anagogoda pa ofesi ya aphunzitsi, envulopu ili m'manja, nkhope ili yakugwa. Inali kalata ya ku Koleji ya Masewera. Inkayamikira nambala 9, Lufeyo Kamphonje, chifukwa cha chigoli cha mwendo wamanzere, ndi kumuitana kuti akayambe maphunziro aulere mu Januwale.

"Madamu, ine mwendo wamanzere ndimangokwerera njinga. Malowa ndi a mwana uja."

Ganizani anali atamva kale. Masiku atatu sanabwere kusukulu, ndipo mayi ake anafika okha kudzafunsa ngati n'zoona kuti mwana wawo anathamangira mwini butchala. Mayi Dorika analembera kukoleji, yankho n'kubwera loti iwo amatsata mndandanda wosainidwa ndi nduna. Anapita kwa nduna, nduna inati kusintha mndandanda n'kunena kuti Mfumu inalakwitsa.

"Ayi, Olemekezeka, mndandanda ulibe vuto," anatero Mayi Dorika, n'kutulutsa pepala lina m'chikwama. "Kungoti mwanayu, Lufeyo, thupi lake litasinthika ndi mphamvu ya lamulo, akuona kuti dzina lakale silikumukwananso. Akupempha kuti azitchedwa Ganizani, kuti mtundu wonse uziganizira zabwino za Mfumu, komanso Mlowoka, poti chisomo cha Mfumu chinalowa mwa iye."

Nduna inawerenga pepalalo kawiri. Inawayang'ana Mayi Dorika nthawi yaitali, ndipo iwo anangoyang'ana chithunzi cha Mfumu pakhoma mwaulemu.

"Ndinganene kuti ganizoli ndi langa?"

"Ndi lanu kale, Olemekezeka."

Chidindo chinagunda. Wailesi ya ufumu inalengeza kusintha kwa dzinako katatu patsiku kwa sabata yathunthu, ndipo mu Januwale Ganizani Mlowoka anakwera basi ya kukoleji ndi dzina limene mayi ake anamupatsa.

Azibambo khumi aja anabwerera ku ntchito zawo tsiku lomwelo la mpira, osatsanzika. A Lufeyo okha ndiwo anabwera Lolemba, hafu sikisi, shati atapisa. Ahedi anafuna kuwabweza, koma anasowa poyambira, poti lamulo loti iwo ndi mwana wa sukuluyo linali lisanafafanizidwe. Kubutchala kunkakhala Anangondo m'mawa, iwo masana. Za mphasa ija, Anangondo anaweruza kuti munthu amene dzina lake lapita kukoleji lamulo la zaka silikumukhudzanso, ndipo anawatsegulira chitseko.

Chaka chotsatira, mwezi wa Seputembala, lole ya boma inaimanso pa Tidikire. Apolisi awiri analowa m'kalasi ya Fomu 3 pamene Mayi Dorika ankalemba masamu pa bolodi. Nduna inkasonkhanitsanso ana okhwima, ndipo dzina loyamba pa mndandanda linali la katswiri wa chaka chatha.

"Lufeyo Kamphonje ali muno?"

Kalasi yonse inayang'ana m'makope. Pa desiki la kutsogolo bambo wa imvi ziwiri zitatu m'ndevu anakweza dzanja.

"Anasintha dzina, bwana, anapita kukoleji. Munamva pa wailesi."

Wapolisi anayang'ana pepala lake, n'kuyang'ana mimba imene inapanikizika pa desikiyo. "Nanga inu ndinu ndani?"

"Ine ndangobwera kudzaphunzira, bwana. Tapatukani pang'ono, mwatchinga bolodi."